Kabokosi Komwe Kanaiwala Kunena Zikomo

Tsiku lomwe Kamaso anagwetsa kabokosi kolankhula, mayi ake analira njira yonse yochokera kusukulu. Ankakankha chikuku misozi ikudonthera pamutu pa mwanayo, kabokosi kosweka kali m'jumbo. Anthu ankangowapatukira osafunsa. Inu amene mwafika poti basi, zakanika, tamverani nkhani iyi, chifukwa banja limeneli nalo linafika pomwe mulipo.

Kamaso linali dzina longomutcha. Anabadwa movutikira, ndipo thupi lake silinkamumvera. Miyendo inali youma, manja ankangolowera kwawo, lilime silinkatha kuumba mawu. Koma maso, abale inu! Ankatsatira chilichonse, kaya ntchentche, kaya singano, kaya nthunzi ya ketulo. Dzinalo linachokera pamenepo.

Atafika msinkhu wa sukulu, makolo ake anazungulira mpaka nsapato kutha. Uku akuti masitepe, uku akuti tilibe mphunzitsi wa ana otere. Pamapeto pake sukulu ina yokhala ndi kalasi ya ana a ulumali inamulandira, koma mongoyesa.

Kusukuluko kunkabwera mayi wina, mlangizi wa zipangizo zothandizira ana, amene ankayendera masukulu ambiri. Ataona kuti Kamaso amatha kutsitsa nkhonya yake yamanzere pamalo pomwe akufuna, anamubwereka kabokosi kolankhula. Kanali kaphanthiphanthi ngati thireyi, kokhala ndi mabatani akuluakulu, lililonse ndi chithunzi chake. Kumbuyo kunali kaswitchi kofiira. Ukagwira kaswitchiko pamodzi ndi batani n'kulankhula, mawu ako ankasungika. Mwana akadina batanilo, kabokosi kankamulankhulira.

Amlangizi anati, "Mujambulemo zofunika, mayi."

Mayi ake anajambula mosamala, ndi mawu awo aja olandirira alendo. "Ndikufuna madzi." "Ndili ndi njala." "Ndikufuna kuchimbudzi." "Ndikumva kupweteka." "Inde." Batani lotsiriza anaikapo "Zikomo," ati mwana wopanda zikomo amachititsa manyazi amake.

Masiku oyamba Kamaso anadina mabatani onse, kenako anangosiya. Aphunzitsi ankamuonetsa kapu n'kumati, "Dina madzi, mama, dina madzi." Iye maso ali pawindo. Tsiku lija aphunzitsi anamugwira dzanja kuti amudinitse, iye n'kukasesa kabokosiko, phwa! pansi.

Ahedi anaitana mayi ake mu ofesi. Sanali munthu woipa ayi, anangolankhula zomwe ankaona.

"Mayi, sitikukuthamangitsani. Koma kabokosika pali ana ena akukadikira, malonso m'kalasi ndi ochepa. Amlangizi abweranso kumapeto kwa teremu. Akadzapeza kuti sakukagwiritsa ntchito, mudzamutenge. Mwina mwanayu samva zomwe timanena."

Mawu otsirizawo ndi omwe anawaliza mayi aja. Mwana wawo akachoka pamenepa, kunalibenso sukulu ina yoti n'kuyesa.

Bambo ake a Kamaso anali okonza mawailesi. Anthu ankawatcha a Mawaya. Kashopu kawo kanali kothina, pakati pa ometa ndi osoka nsapato, kodzaza ndi mawailesi opanda zivindikiro, masimbi ositira ndi zitini za tizomangira. Anali ndi chizolowezi chimodzi chomwe msewu wonse unkachidziwa: ankalankhula ndi zinthu zomwe akukonza. Amatsegula wailesi n'kumaifunsa, "Iwe, chakupweteka n'chiyani?" Akazi awo ankawanena kuti amacheza kwambiri ndi simbi kuposa mkazi amene anamukwatira.

Atamva za kusukulu, a Mawaya sanalankhule zambiri. Anatembenuza kabokosiko n'kunena kuti, "Chinthu cha eni sitingabweze chosweka. Zinazo tiona."

Loweruka mayi ake atapita kuntchito, anamutenga Kamaso kushopu n'kuika chikuku chake pafupi ndi tebulo. Atangomasula chivindikiro cha kabokosi, mwana uja anasolola khosi, maso tong'o, ngati aona chozizwitsa. Bambo ake sanazindikire. Anapeza waya wothothoka n'kumuwotcherera. Kenako anaona kanthu kakuda kokhala ndi timiyendo tambirimbiri, komwe anali asanakaonepo mu wailesi iliyonse. Anakanyamulira kabokosiko kuwala, chala china chili pa kaswitchi kofiira, chala chachikulu chitapanikiza batani, iwo osadziwa. Ndiye mwa chizolowezi chawo chija anang'ung'udza:

"Kodi ichi n'chiyani?"

Atatseka anayamba kuyesa mabatani. Madzi, ali bwino. Njala, ili bwino. Chimbudzi, chili bwino. Atadina pa zikomo, m'malo mwa mawu okoma a akazi awo munatuluka chimawu chawo chomwe, chokhuthala ngati cha munthu wodzuka kumene: "Kodi ichi n'chiyani?"

"Mayo ine!" anagwira mutu a Mawaya. "Ndafufuta zikomo wa amako. Lero kunyumba kulibe mtendere."

Anatambasula dzanja kuti agwire kaswitchi kofiira akonze cholakwacho. Kamaso anakuwa. Sikunali kulira kwa ululu, kunali kukuwa kwa munthu amene akulandidwa chake. Nkhonya yake yamanzere inatsika pa batanilo n'kukhala pomwepo.

Kenako anayang'ana chowotcherera chomwe chinali kufuka utsi pa tebulo, n'kudina.

"Kodi ichi n'chiyani?"

Bambo ake anaseka, poyesa kuti zangochitika. Mwana sanaseke. Anayang'ananso chowotchereracho, n'kuyang'ana bambo ake m'maso, n'kudinanso. A Mawaya anasiya kuseka.

"Mwanawe, ukundifunsa ine?"

Nkhonya inayenda pang'onopang'ono, ikunjenjemera, mpaka pa batani lina. Mawu a mayi ake anayankha: "Inde."

Munthu wamkulu uja anakhala pansi pa kampando. Kenako ananyamula chowotcherera n'kunena kuti, "Ichi, mwana wanga, chimatentha koopsa. Chimasungunula kamtovu aka kuti waya agwirane ndi mnzake." Anamuonetsa. Kamaso anayang'ana kumbuyo kwa sipika n'kudina. Anamuuza kuti ndi maginito, n'kumamatizapo misomali. Anayang'ana kagalasi kokulitsa zinthu n'kudina. Anamuika kagalasiko padiso, mwana n'kuona chala cha bambo ake chili ngati mtsamiro, n'kuseka mpaka kutsamwa.

Ometa wa khomo loyandikana anasuzumira, lumo lili m'manja. "A Mawaya, kale mumalankhula ndi mawailesi, lero mwayamba kudzifunsa n'kumadziyankha nokha? Tikuperekezeni kuchipatala?"

"Bwererani mukamalize mutu wa munthu, achimwene. Ndili ndi kasitomala wamkulu muno."

Tsopano ndiloleni ndipse mtima pang'ono. Taganizani mabatani aja: madzi, njala, chimbudzi, ululu. Zonse za m'mimba! Chikhalirecho mwana ameneyu madzi ankamufikira ludzu lisanamupeze, chakudya chinkabwera njala isanayambe, chifukwa mayi ake ankamudziwa ngati chikhatho chawo. Ndiye apemphe madzi a chiyani? Njala yomwe anali nayo inali ya m'mutu, ndipo panalibe batani lake. Timatero anthufe. Tikaona mwana wa ulumali timaona kamwa yoti tidyetse ndi thupi loti tisambitse, n'kuiwala kuti m'katimo muli munthu amene akudabwa ndi dziko ngati mwana wina aliyense.

Madzulo ake mayi aja atamva kabokosi kakulankhula mawu a amuna awo, anaika manja m'chiuno.

"Bambo a Kamaso, zikomo wanga ali kuti?"

"Wapita kaye kokayenda."

"Musandiseke! Mwana akuchotsedwa sukulu, inu mukusewera ndi mabatani?"

Ali mkati mokalipa, Kamaso anayang'ana chipsera chakale chomwe chinali pamkono pa mayi ake, n'kudina. Mayi aja anasiya kukalipa. Anayang'ana mkono wawo, n'kuyang'ana mwana.

"Ichi? Ndinapsa ndi mafuta, ndili ndi mimba yako." Kenako anaseka uku akulira. "Ambuye, ndadikira zaka zonsezi kuti mwana wanga andilankhule, lero akundilankhula ndi mawu a bambo wa ndevu!"

Anafuna kujambulanso funsolo ndi mawu awo kuti limveke lachitsikana. Kamaso anaphimba batanilo ndi mkono wonse. Analisiya momwemo.

Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munalibenso kupuma. Sefa, n'chiyani? Loko, n'chiyani? Kadontho kofiira pa switchi ya magetsi, n'chiyani? Nthawi zina makolowo ankasowa yankho, bambo ake n'kumati, "Sindikudziwa, tikafunse." Ankakankha chikuku mpaka kwa osoka nsapato kukafunsa chifukwa chake ulusi amaupaka phula. Mayi ake ankapukusa mutu n'kumati, "Amati safunsa anadya phula, koma iwe phula sudzalilawa n'komwe."

Funso lovuta linabwera Lamlungu masana, mayi ake akumuwongola manja monga anawaphunzitsira kuchipatala. Kamaso anayang'ana dzanja lake lamanja, lomwe linali lopindika losatambasuka. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anadina.

"Kodi ichi n'chiyani?"

Madokotala anali atafotokozera makolo, makolo anafotokozera achibale, achibale ananong'onezana okhaokha. Mwini thupi yekha ndiye panalibe amene anamuuzapo. Mayi ake anadzuka ati akaone madzi pamoto.

"Khalani, amake mwana," anatero a Mawaya. "Wafunsa tonse."

Anagwira kadzanja kopindikako. "Dzina la vutoli la kuchipatala limandipota lilime. Koma pobadwa iwe unachedwa kupuma. Ndiye mutu wako ukatuma dzanja, uthenga umasokonekera panjira. Mutuwo uli bwinobwino. Sunalakwe iwe, sanalakwe amako, palibenso anakulodza." Anasisita kadzanjako. "Ndakonza zinthu zambiri, mwana wanga, koma ichi sindingachikonze. Ndikanatha, bwenzi nditakonza kalekale."

Kamaso anawayang'ana onse awiri, n'kudina "Inde." Kenako maso ake anagwera pa buluzi yemwe anali pakhoma wopanda mchira, n'kudina batani lake lija. Anaseka onse, misozi ili mbwe.

Koma musaganize kuti nkhani yatha. Kusukulu zinthu sizinasinthe. Aphunzitsi anadandaula kuti kabokosi kakusokoneza kalasi, chimawu cha mwamuna chikungobangula pakati pa phunziro. Anali ndi ana ambiri ofuna thandizo, analibe mpata wotsatira komwe maso a mwana mmodzi akuloza. Ahedi anati, "Kudina batani limodzi lomwelomwelo si kulankhula. N'kusewera."

Mayi ake anayamba kumunyengerera kunyumba. "Mama, tsiku lobwera amlangizi udzangodina madzi kamodzi kokha. Ndakugwira mwendo." Kamaso ankangoyang'ana kudenga. Bambo ake ankati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha," koma kunena zoona, nawonso chakudya sichinkawalowa.

Tsiku linafika. Mu ofesi ya ahedi munali ahediwo, aphunzitsi, amlangizi ndi makolo. Amlangizi anakhala moyang'anana ndi Kamaso, n'kuika kapu ya madzi pa tebulo.

"Kamaso, ukufuna chiyani?"

Mayi ake anatseka maso, milomo ikupemphera. Kamaso kapuyo sanaiyang'ane n'komwe. Anadina.

"Kodi ichi n'chiyani?"

Ahedi anapumira m'mwamba. "Mwaonatu. Ndi zomwe ndimanena zija."

A Mawaya anali atalonjeza akazi awo kuti sayankhula, koma zinawakanika. "Pepani akuluakulu. Musayang'ane dzanja lake, tsatirani maso."

Onse anatsatira. Maso a Kamaso sanali pa kapu, sanalinso pankhope ya amlangizi. Anali pakhutu lawo lamanzere, pomwe kanthu kakang'ono kofiirira kankasuzumira pansi pa tsitsi. Aphunzitsi ndi ahedi anagwira nawo ntchito mayi ameneyu nthawi yaitali osakaona.

Amlangizi anagwira khutu lawo pang'onopang'ono. "Ukunena aka?"

"Inde."

"Aka ndi kachipangizo kondithandiza kumva. Makutu anga anafooka ndili mwana. Khutu lamanjali ndiye linatsekeratu. Ndikachotsa aka, mawu sandifika." Anakachotsa n'kukaika pachikhatho kuti mwana akaone bwino.

Kamaso anakayang'anitsitsa. Anaona kachitseko kakang'ono ka batire. Nkhonya yake inanyamuka kupita pa batani, ndipo aliyense ankayembekeza chimawu chija. Koma nkhonyayo inaima m'malere. Inakhala pomwepo ikunjenjemera, thukuta likutuluka pamphumi, chifukwa kwa iye kuimitsa dzanja inali ntchito yoposa kulitsitsa. Anayang'ana kachipangizo, n'kuyang'ana khutu la amlangizi. Kachipangizo, khutu. Kachipangizo, khutu.

Ahedi ananong'ona, "Watani?"

Aphunzitsi ndi amene anayamba kuzindikira. Anagwira pakamwa. "Akudikira. Akudikira kuti abwezeretse, kuti amumve."

Analozera amlangizi khutu. Mayi aja anabwezeretsa kachipangizo kawo. Katangolowa, nkhonya inatsika.

"Kodi ichi n'chiyani?"

Abale, mwana amene ankati samva zomwe anthu amanena! Anamva kufotokoza kamodzi kokha, n'kuzindikira kuti kufunsa munthu amene sakumva n'kutaya funso. Ahedi anavula magalasi n'kumawapukuta kosalekeza. Kenako anatembenukira kwa mayi ake a Kamaso n'kuti, "Mayi, mawu aja ndinalankhula tsiku lija, ndikuwabweza. Teremu ya mawa mwanayu akhale kutsogolo."

Amlangizi anafunsa amene anaganiza zoika funso pa batani. A Mawaya anakanda m'mutu. "Palibe anaganiza, mayi. Chala changa ndi chimene chinalakwitsa."

"Ndiye tonse tinafunika kulakwitsa choncho," anaseka amlangizi. "Ine ndinati mujambule zofunika, tonse n'kuthamangira ku mimba."

Njira ya kutsogolo sinali yosalala, ndisakunamizeni. Anamuonjezera mabatani: "Ayi," "Chifukwa chiyani?", "Ndani?", ndipo la "Ayi" linatha utoto msanga kuposa onse. Kenako anayamba zilembo pa bolodi, kuloza chimodzichimodzi ndi nkhonya. Mawu amodzi ankamutengera nthawi yoti mnzake walemba tsamba. Ena ankatopa kudikira n'kumumalizira chiganizo, iye n'kudina "Ayi" n'kuyambiranso.

Tsiku lina mayi ake akumupesa tsitsi, Kamaso anakoka bolodi la zilembo. Analoza chilembo, n'kupuma, n'kuloza china. Mayi aja ankawerenga chamumtima, chipeso chili m'malere. Atafika kumapeto anakhala pansi n'kubisa nkhope m'manja. Zikomo uja anapita kokayenda anali atabwera. Sanali wojambulidwa ndi munthu wina, anali wake wa mwanayo.

Mayeso akuluakulu oyamba analephera, osati posadziwa mayankho, koma nthawi inatha ali pakati. Analira sabata yonse. Kenako, pa tabuleti yolankhula yomwe anali atayamba kugwiritsa ntchito, anakadzipemphera yekha nthawi yoonjezera kwa akuluakulu a mayeso. Anabwereza kalasi, analembanso, anakhoza. Anapitiriza mpaka kukaphunzira za makompyuta, akufunsabe mafunso mpaka aphunzitsi ena kumamuthawa m'makhonde.

Lero Kamaso ndi mayi wamkulu. Amagwira ntchito pamalo pomwe amakonzera ana a ulumali zipangizo zolankhulira. Pa tebulo lake pali mabatani a misinkhu yonse, ena odina ndi phazi, ena ndi chibwano, ndi makompyuta omwe mwana amawalamula ndi maso okha. A Mawaya anakalamba, maso anachita chidima, shopu anatseka. Amakonda kukhala pakona mu ofesi ya mwana wawo n'kumagwiragwira zinthu, akufunsa kuti ichi n'chiyani. Kamaso amawayankha pa tabuleti kuti, "Bambo, mafunso achuluka, ndili pa ntchito."

Tsiku lina kunabwera mayi wachitsikana atanyamula mwana wake wamwamuna wosalankhula. Nkhope ya mayiyo inali yotopa, ngati ya munthu amene wamva "ayi" kambirimbiri. Anati, "Mungomuikira madzi, chakudya ndi chimbudzi. Zinazo sangazimve."

Kamaso analemba, tabuleti n'kulankhula: "Zonsezo tiika, mayi. Koma batani loyamba ndaika kale."

Anasendeza kabokosi pafupi ndi chigongono cha mwanayo. Chigongono chinagunda batani, ndipo m'chipindamo munamveka chimawu chokhuthala chija, chomwe Kamaso wakhala akuchisamutsa kuchoka pa chipangizo china kupita pa china zaka zonsezi. Mwanayo anadzidzimuka. Kamaso anamuonetsa kandodo koyendetsera chikuku chake cha magetsi, n'kukakankha, chikuku n'kuzungulira. Mwana anaseka. Kenako maso ake anapita pa kanyale kobiriwira komwe kankaphethira pambali pa kandodoko. Anakayang'ana, n'kuyang'ana mayi ake, chigongono n'kutsikanso.

"Kodi ichi n'chiyani?"

Mayi uja anagwira pachifuwa. "Akufunsa ine?"

"Akufunsa inu," inatero tabuleti. "Muyankheni. Ngati simukudziwa, nenani kuti tikafunse."

Pakona paja mdala anapukuta maso ndi chipewa n'kunena kuti, "Mayi, konzekani. Kunyumba kwanu mtendere watha."

Inu amene muli ndi mwana yemwe dziko lamuweruza kuti samva, saphunzira, sangathe: musathamangire kuvomera. Mwina chomwe chikusowa si nzeru, ndi batani loyenera. Khalani naye pansi, tsatirani maso ake, mupatseni njira yofunsira, ndipo akafunsa mumuyankhe zoona. Nanunso amene thupi limakukanizani koma mutu uli wodzaza ndi mafunso, pitirizani kudina mpaka wina atembenuke. Osataya mtima, abale anga. Osataya mtima ngakhale pang'ono.